Tsiku Limene Ndinafera Nkhunda za Alamu

Nkhani yoti ndiyenera kufa ndinaimva Lachinayi m'mawa, ndili kalikiliki kumeta kasitomala. Amene anabwera nayo ndi mwana wa achemwali anga, mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu amene tonse timamutchula kuti Kabuku chifukwa sayenda popanda buku kukhwapa. Analowa m'shopu osaodira, n'kuima kumbuyo kwanga kuti tizionana pagalasi.

"Amalume, musadandaule, koma Loweruka mufa," anatero.

Kasitomala uja anatembenuka modzidzimuka, ndipo makina anamulimira msewu kuchokera pakhutu mpaka pankhongo. Ndinachita kumumeta mpala, ngakhale sizimene anabwerera.

Kuti mumvetse, ndiyambe ndi mabuku a Kabuku. Onse ndi a mtundu umodzi, ndipo ndimawadziwa bwino chifukwa amandiwerengera mokweza m'shopu mukakhala mopanda anthu. Dziko limakhala litawonongeka kalekale. Anthu otsala amakhala mumzinda wa mpanda wautali, ndipo wolamulira wankhanza amakhala pamwamba pa nsanja, n'kumaletsa chilichonse, ngakhale kuimba mluzu. Kenako pamatulukira mtsikana wamasiye, wa chipsera pankhope. Poyamba amakanitsitsa kuti iye si ngwazi, koma pofika kumapeto amakhala atagwetsa nsanja yonse. Kabuku sawerenga mabuku amenewa ngati nthano ayi. Amawawerenga ngati mmene dalaivala amawerengera zikwangwani za pamsewu.

Ife timakhala m'nyumba yosanja ya mabanja ambiri. Shopu yanga yometera ili pansi, pafupi ndi masitepe. Achemwali ndi banja lawo amakhala chapakati, ndipo pamwamba penipeni pali denga lafulati la simenti pomwe anthu amayanika zovala. Pakona ya dengalo panali khola la nkhunda za alamu anga, abambo ake a Kabuku.

Alamu anali dalaivala wa basi, munthu waphokoso amene ankamveka akadali kumsewu. Sitiroko itawagwira, mwendo ndi mkono wa kumanzere zinalemera, mawu nawo anayamba kutuluka limodzilimodzi ngati madzi a pampopi wakutha. Atachoka kuchipatala ankangokhala pampando kuyang'ana khoma. Tsiku lina Kabuku anatola nkhunda yothyoka phiko n'kuwaikira pamiyendo. Nkhundayo itachira anaipezera inzake, zinaswana, tinazimangira khola padenga, ndipo alamu anayamba kukwera masitepe ndi ndodo, pang'onopang'ono, kukazidyetsa. Tonse tinkaziona zimenezi koma sitinkazikamba, kuopa kuzisokoneza.

Ndiye nyumba inagulidwa ndi mwini watsopano, mayi wamtali wa magalasi amene anadzasamukira m'zipinda za pamwamba, pansi penipeni pa denga. Mayi eninyumbawa amakonda zoyera. Nsalu zawo zoyala pabedi zinali zoyera mbee, ndipo nkhunda za alamu zinazikonda kwambiri. Atachapa kachitatu nsalu imodzimodzi, analengeza kuti Loweruka masana kubwera anyamata kudzaphwasula khola, ndipo m'mawa wa tsiku lomwelo aliyense asonkhane pansi pa masitepe kudzamva malamulo atsopano. Alamu atamva, madzulo ake sanadye, anangobwerera pampando wawo uja woyang'ana khoma.

Kwa Kabuku zonse zinali zoonekeratu. Wolamulira anali atapezeka, ndipo ankakhaladi pamwamba. Chinatsala ndi ngwazi.

Vuto loyamba linali makolo. Ndinalipo pamene anawadandaulira amayi ake, omwe ankasita zovala pakhomo la khitchini.

"Amayi, m'mabuku onse ngwazi imakhala yamasiye. Ine ndili ndi makolo onse awiri, komanso amalume pansipa. Zikundibwezera m'mbuyo."

Achemwali anaimika chitsulo chositira. "Ukuti tife kuti buku lako liyende bwino?"

"Sindinatero. Ndikungoti zikanaphweka."

"Achimwene, mukumumva mwana wanuyu? Ndinamunyamula miyezi isanu ndi inayi, lero akuti ndikumutchinga. Iwe, ngwazi, tatsuka makapuwo."

Vuto lachiwiri linali chipsera. Chimene ali nacho chili pabondo, cha njinga, ndipo iye mwini anavomereza kuti palibe angatsatire mtsogoleri amene ayenera kukwinya siketi kuti aonetse chizindikiro. Anaganiza zodzajambula china pachipumi ndi pensulo ya nsidze ya amayi ake. Anasinthanso dzina. Anati kuyambira tsiku limenelo tizimutchula kuti Mphezi.

Kenako anayenda khomo ndi khomo kusonkhanitsa gulu lake. Atelala a chipinda choyandikana ndi shopu yanga anamuuza kuti ali naye limodzi. Amlonda, omwe amagwira ntchito kusitolo ndipo masana amagona, anatsegula diso limodzi n'kunena kuti mutu umodzi susenza denga. Mayi wogulitsa zovala zakaunjika anati akangoyamba iye, iwo adzatsatira. Koma mayi eninyumba atangodutsa pakhonde, onsewo anapereka moni wogwada, atelala mpaka anayamikira kuwala kwa nsalu zija.

N'chifukwa chake anabwera kwa ine Lachinayi lija. Kasitomala wa mpala uja atatuluka akung'ung'udza, Kabuku anakhala pampando wometera n'kundifotokozera modekha, ngati dokotala.

"Anthu ndi amantha, amalume. M'mabuku onse amakhala amantha mpaka nkhalamba imene imaphunzitsa ngwazi itafa pamaso pawo. Ikangofa, amakwiya, n'kudzuka onse nthawi imodzi. Wolamulira amathawa."

"Ndiye nkhalambayo ndine?"

"Muli ndi imvi."

"Zitatu! Ndipo ndakuphunzitsa chiyani ine?"

"Kukwera njinga."

"N'kugwa nayo."

"Simufa zenizeni, amalume. Mungogwa, munene mawu omaliza, mutseke maso. Zinazo ndi za ine."

Ndinakana, ndipo ndinakana ndi mtima wonse. Koma masana ake ndinakwera padenga kukayanika mathaulo a m'shopu, ndipo ndinapeza alamu ataima pakhola. Sankazidyetsa nkhundazo. Ankangozigwira imodziimodzi ndi dzanja lawo labwino, kuiyang'ana, n'kuibwezera. Atandiona anayesa kumwetulira. "Alamu," anatero, kenako mawu anawathera. Ndinatsika n'kukamuuza Kabuku kuti ndifa, koma kamodzi kokha.

Lachisanu tinayeserera m'shopu titatseka chitseko. Kufa si ntchito yamasewera. Ndikagwa chagada ankati ndikuoneka ngati ndaledzera. Ndikagwa cham'mbali ankati ndikuoneka ngati ndikufuna ndalama yogwera pansi pa mpando. Mawu omaliza anandipatsa oti, "Mphezi, ndiwe wosankhidwa, pitiriza nkhondo." Ine ndinapempha kuwonjezera kuti makina anga ometera asabwerekedwe kwa aliyense, koma anakana. Tinagwirizana kuti akadzakanda khutu, ndiye nthawi yakwana.

"Amayi ako ndi abambo ako tiwauze?" ndinafunsa ndikudzisasa fumbi.

Anandiyang'ana ngati ndafunsa zachibwana. "Ngwazi siuza makolo, amalume. M'mabuku sakhala nawo n'komwe."

Ndinaona kuti n'zomveka. Sindikudziwa kuti nzeru zanga zinali kuti.

Loweruka m'mawa tonse tinasonkhana pansi pa masitepe. Alamu okha ndiwo sanabwere, anali padenga kutsanzikana ndi nkhunda zawo. Mayi eninyumba anaima pa sitepe yokwera pang'ono, manja kumbuyo, n'kuyamba kufotokoza za zinyalala ndi za mawailesi aphokoso. Ali mkati, Kabuku anatulukira atavala jekete lakale la udalaivala la abambo ake, manja ake akulendewera mpaka m'mawondo. Pachipumi panali chipsera chakuda chokhotakhota.

"Pensulo yanga!" anatero achemwali.

Kabuku sanawamve. Anakwera pa chidebe chovundikira n'kukweza chibakera chimene sichinkaoneka m'jeketemo.

"Anthu a pansi! Mpaka liti a pamwamba azitilamula? Lero akutenga nkhunda, mawa atenga mpweya! Amene ali ndi Mphezi aponde kutsogolo!"

Atelala anayamba kufufuza ulusi pa malaya awo. Amlonda anayasamula. Mayi wa kaunjika anabwerera m'mbuyo pang'ono. Mayi eninyumba anatsitsa magalasi n'kufunsa kuti, "Mwana wa ndani ameneyu?"

Kabuku anakanda khutu.

Tsono ine tsiku limenelo ndinali nditavala buluku langa latsopano la mtundu wa phulusa, ndipo pansi pa masitepe pamakhala madzi a mopu. Ndinachotsa thaulo limene limakhala paphewa panga, n'kuliyala bwinobwino, kenako ndinagwira pachifuwa, kubuula, n'kugwerapo.

"Mphezi," ndinatero ndi mawu onjenjemera, "ndiwe wosankhidwa. Pitiriza nkhondo." Ndinatseka maso.

Anthu anadzukadi onse nthawi imodzi, koma osati monga m'mabuku. Achemwali anakuwa mfuu imene sindinaimvepo chibadwire, n'kundigwera pamimba. Mayi wa kaunjika anayamba kulira maliro, akutchula ubwino wanga umene ine sindinkaudziwa. Amlonda anati, "Kalanga ine, ndiye azitimeta ndani?" Atelala ndinawamva akuuza munthu wina kuti anandiona dzulo ndikuoneka wotuwa. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anakwiyira wolamulira. Kabuku ankakuwa kuti, "Mwaona? Mwaona zimene achita a pamwamba? Tiyeni kunsanja!" koma mawu ake ankamira m'phokosolo. Kenako wina anaika pakamwa pa mpata wa masitepe n'kukuwira m'mwamba kuti, "Ometa afa! Ometa afa!"

"Patukani, mpatseni mpweya," anatero mayi eninyumba.

Ndinamva fungo la sopo, kenako zala zozizira zinandigwira pamkono, zina pakhosi. Anandikweza chikope, diso langa n'kukumana ndi lawo. Anawerama mpaka pakhutu panga.

"Bambo," ananong'ona, "ndagwira unesi mpaka kupuma pantchito. Sindinaonepo mtembo wodziyalira thaulo."

Mtima unandigunda kwambiri, zomwe sizinathandize mlandu wanga. Ndinaganiza zodzuka, koma Kabuku anali atagwada mbali inayo, akunditsina. "Limbani, amalume," ananong'ona, "zatsala pang'ono."

Mayi eninyumba anadzuka n'kulankhula mokweza. "Munthuyu tingamupulumutse. Wina athamange kuchipinda kwanga, pansi pa bedi pali chikwama chakuda. Muli jakisoni wamkulu, uja timabaya pafupa. Atelala, muvuleni buluku."

"Kuno?" anafunsa atelala.

"Pompano. Mugwireni miyendo, amlonda, chifukwa amapalapata."

Ndinali pakati pa zinthu ziwiri, jakisoni ndi zikhadabo za Kabuku, ndipo ndinkayesa kulingalira chimene chimapweteka kwambiri, pamene masitepe anayamba kumveka. Silinali phokoso limene tinazolowera, la ndodo kenako phazi, ndodo kenako phazi. Linali la mapazi okha, lina lolemera lina lopepuka, koma ofulumira. Ndinatsegula diso pang'ono.

Anali alamu. Ankatsika atagwira chitsulo cha m'mbali ndi dzanja limodzi, thukuta lili kamukamu, nthenga ya nkhunda itakakamira paphewa. Ndodo panalibe. Atafika pansi anakankha amlonda ngati katoni, n'kugwada pambali panga.

"Alamu anga!" anakuwa, ndi mawu aja a pabasi amene tinali titawaiwala. "Musandisiye, alamu! Nkhundazo atenge, koma inu ayi! Dzukani!"

Misozi yawo inandigwera pankhope. Palibe munthu angapitirize kufa pamenepo. Ndinadzuka n'kukhala tsonga.

"Ndili bwino, alamu. Pepani. Timangoyeserera."

Mayi wa kaunjika anathawa mpaka kumsewu. Achemwali anandiyang'ana, anayang'ana mwana wawo, kenako anasolola thaulo lija pansi panga n'kuyamba kundikwapula nalo. "Mufe bwinobwino tsopano! Bambo wamkulu, wandevu! Mukanawapha abambo akewa ndi mantha!" Kabuku anayesa kufotokoza kuti m'mabuku zimatheka, thaulo linamupezanso iye.

Alamu anakhala pansi pa sitepe akupuma mwawefuwefu. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako mapewa awo anayamba kugwedezeka. Tinaopa kuti akudwalanso, koma ankaseka.

Mayi eninyumba sankaseka, komanso sankayang'ana ine. Ankayang'ana mwendo wa alamu. Anagwada patsogolo pawo n'kuwagwira dzanja lolemera lija.

"Finyani chala changa. Mwamphamvu. Eya. Sitiroko?"

"Eya," anayankha achemwali, thaulo likadali m'manja. "Anatuluka m'chipatala atanyamulidwa."

"Ndipo pano mwatsika kuchokera kuti, bambo?"

"Padenga," anatero alamu.

"Ndodo yanu ili kuti?"

Alamu anayang'ana m'manja mwawo modabwa. "Ndaiiwala. Pakhola."

"Mumakwera tsiku lililonse?"

"M'mawa. Ndi madzulo."

"Anakuuzani kuti muzitero ndi adokotala?"

Alamu anapukusa mutu. "Nkhunda. Sizidikira."

Mayi eninyumba anavula magalasi n'kuwapukuta ndi nsonga ya bulauzi. "Kuchipatala," anatero, "odwala ngati inu tinkachita kuwanyengerera kuti ayende kuchoka pabedi kufika pachitseko. Ena tinkawakalipira, ena tinkawalonjeza zinthu. Ambiri ankangotembenukira kukhoma." Anavalanso magalasi n'kutiyang'ana tonse mwaukali. "Nanga nonsenu, pakamwa panu panali patatupa? Munthu mmodzi sakanakwera n'kudzandiuza? Mpaka kundiphera wometa pakhomo?"

Atelala anati iwo anali pafupi kunena.

"Nkhunda zikhala," anatero mayi eninyumba. "Koma khola lisunthidwe, lipite kona ya kutali ndi chingwe changa. Alinyamule malemuwa, poti auka ndi mphamvu zatsopano. Ndipo iwe wa chipsera, bwera kuno. Dzina lako ndani?"

"Mphezi."

"Kabuku," anatero achemwali.

"Kabuku, Loweruka lililonse uzikwecha denga lonse ndi bulashi. Ndikapeza chitosi chimodzi pansalu yanga, uchapa ndiwe."

Kabuku anatsegula pakamwa. Ndinaona kuti akufufuza m'mutu mwake buku limene wolamulira amapatsa ngwazi bulashi, ndipo sanalipeze.

Masana amenewo anyamata ophwasula khola anabwezedwa pageti. Ine ndi amlonda tinanyamula kholalo, alamu akutilamula ngati akuimika basi pamalo opanikiza. "Kumanja! Kumanja, alamu! Kodi kumanda sanakuphunzitseni kumanja?" Buluku langa latsopano, limene ndinaliteteza ndi thaulo m'mawa, linathera zitosi.

Loweruka lotsatira ndinakwera kukayanika mathaulo ndipo ndinapeza Kabuku atagwada, akukwecha simenti, nkhope ili ndwii. Alamu anali pakhola akukambirana ndi nkhunda zawo.

"Bwanji, Mphezi? Si mwapambana?"

"Sizimatha chonchi, amalume. Nsanja imayenera kugwa. Wolamulira amayenera kuthawa, osati kumayeza abambo magazi Lolemba lililonse. Ndipo inu munalakwitsa. Nkhalamba ikafa siidzuka."

"Pepani. Ulendo wina mudzapeze nkhalamba yodalirika."

Chitseko cha padenga chinatseguka, mayi eninyumba n'kutulukira atanyamula beseni la nsalu zawo zoyera. Pamwamba pa nsaluzo panali buku limodzi la Kabuku, chala chawo chili pakati pa masamba.

"Iwe, gawo lachiwiri uli nalo?" anafunsa. "Ndafika pamene anawa aphwanya geti. Koma ine sindikuona chimene mayi wa pansanjayu walakwa. Munthu akungofuna ukhondo mumzinda."

Kabuku anaponya bulashi m'chidebe, madzi n'kuthovukira. "Amalume, mukumva? Akuchemerera wolamulira!"

"Wasiya apo posakwecha," anatero mayi eninyumba, akuloza ndi phazi pakona.